Manda a Pansi pa Bwemba

Oswald sanamuone mlongo wake akuikidwa m'manda. Ruti anamwalira Lachisanu m'mamawa, pobereka, ndipo pamene minibasi imene Oswald anakwera inkadikira anthu pa Liwonde, amuna a kwa Mponda anali atanyamula kale maliro pajeneza kuchokera kumzikiti. Ruti anakwatiwa ndi Msilamu, Latif, wokonza mainjini a maboti, ndipo kwa Asilamu maliro sagona. Oswald anaimba foni katatu ali m'njira, kupempha kuti amudikire maola awiri okha. Latif anayankha ndi mawu osasa kuti akuluakulu akana. Atafika pa Mangochi anapeza anthu akusamba m'manja, ena akufunafuna nsapato zawo pakhomo. Mlamu wakeyo anabwera kudzamugwira paphewa, nanena kuti apite naye akaone pamene amugoneka. Oswald anakankha dzanjalo, natuluka pampanda.

Kukoleji ya uphunzitsi ku Blantyre sanabwererenso. Poyamba ankati apita sabata yamawa, kenako ankati teremu ikubwerayi, kenako anasiya kunena chilichonse. Mabuku ake anatsala m'katoni pansi pa bedi la kuhositelo, mpaka mnzake wina anamulembera uthenga kuti chiswe chayamba kuwawerenga. Iye anapeza kachipinda kuseri kwa msika, napezanso njinga ya kabaza kwa mkulu wina wa kutchalitchi. Tsiku lonse ankapalasa m'fumbi la pa boma, kunyamula amayi a madengu a usipa, akalaliki a m'maofesi, odwala opita kuchipatala. Msewu umodzi wokha sankaudutsa: wotsikira ku Shire, kumene Latif anali ndi shedi yake. Wokwera akanena kuti akupita kumeneko, Oswald ankati tcheni chikuvuta. Anzake a pasiteji anazolowera, mpaka ankamuseka kuti tcheni cha aphunzitsi chimaopa madzi.

Ruti ndi amene anamulera. Makolo awo anamwalira motsatana Oswald ali Sitandade 5, kumudzi kwawo kutsidya, kumishoni ya Angilikani ya m'mbali mwa nyanja. Kumeneko, kumapeto kwa Okutobala, tsiku lokumbukira akufa likamayandikira, banja lililonse limatenga makasu kukalambula manda a abale awo. Ruti ankapemphanso penti yotsala kwa okhoma mabwato, n'kumabwereza mayina pamitanda ya bambo ndi mayi, lilime atalitulutsa pang'ono ngati mwana wophunzira kulemba. Ankati munthu asagone ngati analibe kwawo. Atakwatiwa anatenga dzina lakuti Rahma, nayamba kufunda kumutu, koma Okutobala aliyense ankawolokabe ndi khasu lake. Oswald sanamuitanepo Rahma ngakhale kamodzi. Tsopano wolemba mayina uja anagona pamalo opanda dzina, pakuti manda a kumene anamuikako ndi milu chabe, mwala kumutu, mwala kumiyendo.

Chimene Oswald ankafuna sichinali chachikulu: kuima pamene Ruti wagona, n'kumupempherera ndi mapemphero amene anakula nawo awiriwo. Koma kufunsa Latif kunali ngati kumeza mbedza. Choncho atapita masiku atatu anafunsa mayi wina wogulitsa mandasi pafupi ndi mzikiti. Mayiyo anati akazi safika kumanda, koma anamva amuna akunena za chakubwemba. Oswald anapita m'mawa mwake. Mtengo wa bwemba anaupeza, ndipo pansi pake panali mulu watsopano, dothi lidakali lofiira. Anagwada pomwepo.

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse, asanapite pasiteji, ankatsamiritsa njinga panjira n'kulowa kumanda. Ankadziwa kuti munthu salowa kumanda yekhayekha, ankadziwanso dzina limene anthu amamupatsa wotero, koma sanasamale. Mvula itagwa ankazula udzu ndi manja. Ankathyola maluwa ofiira a pampanda wa tchalitchi n'kuwayala pamuluwo. Ndipo ankalankhula. Anaulula za koleji, zimene sanauze munthu wamoyo. Ananena za kachipinda kake kotentha ngati uvuni, za mtsikana wa m'kwaya amene anasiya kumuyankha moni, za m'mene mkazi aliyense wosenza beseni amaonekera ngati Ruti akakhala patali. Za Latif ankanena motsitsa mawu, mawu ake oti sangawabwereze pakhomo pa tchalitchi.

Kupemphera sanasiye. Ena chisoni chimawachotsa m'tchalitchi; iye chinamukhomera pabenchi la kumbuyo. M'mawa uliwonse ankagwada pamphasa kunena pemphero la Ambuye monga Ruti anamuphunzitsira, koma akafika pamawu okhululukira amene atilakwira, m'kamwa munkauma. Ankadumpha ngati wodumpha chithaphwi, n'kukatera pa mawu otsatira. Lamulungu, nthawi yopatsana mtendere ikakwana, ankatuluka kukaona ngati njinga ili bwino. Ena akamapita kuguwa kukalandira, iye ankatsala, maso pansi. Abambo wansembe atamufunsa tsiku lina pakhomo, anayankha kuti sanakonzeke, ndipo sanali kunama. Ankadziwa bwino lomwe kuti munthu sapita kuguwa ali ndi chakukhosi ndi mbale wake. Ankadziwanso kuti maola awiri si chinthu choti munthu n'kumana mnzake. Ziwirizi ankayenda nazo tsiku lonse, china pahandulo china pakaliyala, ndipo palibe chimene chinkatsika. Latif atatumiza uthenga womuitanira ku sadaka ya masiku makumi anayi, Oswald anatseka nambala yake.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Oswald anapempha zidutswa za matabwa kwa kalipentala, nakhoma kamtanda kotalika ngati mkono. Anakapaka penti yoyera, nalemba dzina la Ruti ndi yabuluu. Lachisanu lomaliza la mweziwo anakakulunga m'thumba pamodzi ndi kakhasu, napita.

Pamuzu wa bwemba panakhala mkulu wina wa mkanjo woyera ndi kofiya, ndodo ataigoneka pamaondo. Oswald anali atamuonapo chapatali masiku ena. Anapatsana moni mwaulemu, mkuluyo nafunsa ngati njinga yadzuka bwino. Oswald analambula pang'ono pozungulira mulu, nyenje zikulira mumtengo ngati zalipidwa. Kenako anamasula thumba, natulutsa kamtanda.

"Mwanangu, maluwa aja ndinkangoyang'ana," anatero mkuluyo. "Koma chimenecho ayi. Abiti Jaffalie anaswali moyo wawo wonse osaphonya. Mukawaikira mtanda adzuka, ndipo woyamba kumufunsa ndikhala ine."

Oswald sanamvetse. Anati awa ndi manda a achemwali ake, akazi a Latif wa mainjini. Mkuluyo, amene anati dzina lake ndi Che Sadik, anapukusa mutu pang'onopang'ono. Pamenepo panagona Abiti Jaffalie, mkazi wa mkuluyo. Anamwalira Lachitatu la sabata yomwe Ruti anamwalira, ndipo malowo anasankha yekha, chifukwa mayiyo ankakonda bwemba m'phala la pomasula kusala.

"Nanga miyezi yonseyi simunanene bwanji?" anafunsa Oswald.

Che Sadik sanabise. Poyamba ankamuyesa mfiti. Ankabwera pambuyo pake n'kumatokosa dothi ndi ndodo kufunafuna mankhwala, koma ankangopeza maluwa ndi udzu wozulidwa bwino, mizu ili kumwamba. Atafufuza anamva kuti ndi mlongo wa mkazi wa Latif, napita kukamuuza Latifyo. Kenako anangozisiya. Maondo ake sapindika, ana ake onse ali ku Joni, amangotumiza mawu pafoni. Nanga mawu amazula udzu?

"Komanso mkazi wanga ali moyo sindinamupatsepo maluwa. Ndinati mulekeni alaweko za kwa Akhristu."

Oswald anakhala pansi, pafumbi. Manyazi anayamba, otentha m'makutu, pokumbukira zonse zimene anauza mayi wa eni ake. Koma pansi pa manyaziwo panali china cholemera. Anaponya maso uku ndi uku. Milu inali yambirimbiri, yofanana ngati mizere ya m'munda wa chinangwa, ndipo penapake pakati pa imeneyo Ruti anagona miyezi khumi ndi umodzi osamva mawu a kwawo. Anapempha Che Sadik kuti amulozere. Mkuluyo anati Lachisanu limenelo iye anali m'nyumba ya maliro ake; mwezi umenewo anaika anthu anayi, ndipo mvula inasalaza onse mofanana. Sangaloze mongoganiza, kuopa kumupatsanso mkazi wa munthu wina.

"Amene anamutsitsa ndi manja ake ndiye akudziwa. Shedi yake mukuidziwa." Anadzuka mothandizidwa ndi ndodo, mafupa akulira. "Zimene munkanena zija musade nazo nkhawa. Abiti Jaffalie khutu limodzi linali logontha, ndipo miseche sankaikonda."

Tsiku limenelo Oswald sananyamule munthu. Anazungulira msika kawiri, thumba lili pakaliyala. Anapita kutchalitchi, napeza chitseko chokhoma, nakhala pakhonde. Anayesa kukambirana ndi Mulungu monga munthu amakambirana ndi mkulu wa ntchito. Anati Inu mukudziwa pamene wagona, pemphero silisochera ngati ine, bwanji ndingopemphera pano? Zinali zomveka. Akanalemba pamayeso akanakhoza. Koma mtima sunasunthe. Sankafuna kuti Mulungu yekha adziwe. Ankafuna dothi limenelo pansi pa maondo ake. Anamva kuitana kwa kumzikiti, anaona amuna a zoyera akudutsa m'magulumagulu, patapita nthawi anawaonanso akubwerera. Mthunzi wa khonde utayamba kutalika, anakwera njinga natsikira ku Shire. Tcheni sichinavute.

Latif anali atamangirira injini pamgolo wa madzi, akuiyesa, utsi wabuluu uli tolo m'shedi. Anali ataonda. Malaya amene Oswald ankawadziwa ankamulendewera ngati a munthu wina. Atakweza maso anazimitsa injini, ndipo m'shedi munangoti zii, kupatula madzi odontha.

"Alamu," anatero Latif.

"Munkadziwa kuti ndikulambula manda a eni ake."

Latif anavomera. Anati Che Sadik anamuuza nthawi ya mvula. Latifyo anaimba foni kangapo, sinkalowa. Lachisanu lina m'mawa anakaima panjira ya kumanda kuti amuuze pamaso, koma atamuona atagwada, akulankhula, anabwerera osamufikira.

"Ndikanati chiyani? Kuti ngakhale amenewa ndakulandani?"

Oswald anali atakonza mawu ambiri chaka chonsecho, akuthwa, oyalidwa bwino ngati zida za m'shedimo. Anawafuna, koma amene anatuluka anali amodzi okha: anapempha kuti amuperekeze. Latif anasamba m'manja ndi mchenga ndi sopo, nakhoma shedi, nayamba kuyenda wapansi. Oswald anamasula thumba pakaliyala, nalipachika pahandulo, nanena kuti akwere. Latif anazengereza, kenako anakwera cham'mbali ngati mzimayi. Sankalemera ngakhale ngati dengu la usipa wouma.

Anadutsa pasiteji, anzake a Oswald akuyang'ana, palibe amene anaponya nthabwala. Atapitirira nyumba zomaliza za njerwa, msewu utasanduka mchenga, Latif analankhula. Mwina n'kosavuta kulankhula ndi msana wa munthu kusiyana ndi nkhope yake.

"Akuluakulu sanakane, alamu. Sindinawafunse n'komwe."

Anapitiriza motsitsa, mawu ena akumwedwa ndi kulira kwa matayala. Kunkatentha tsiku limenelo. Rahma anali m'chipinda atakulungidwa kale nsalu yoyera, amayi akulira pakhonde, ndipo iye sankathanso kupuma m'nyumbamo. Ankangofuna kuti zithe, amuchotse pamaso pake asanapenge. Foni italira anatchula akuluakulu, chifukwa ankadziwa kuti akuluakulu munthu satsutsana nawo. Akanapempha, Shehe akanadikira, anadikirirapo ena.

Oswald anasiya kupalasa. Njinga inayenda yokha pang'ono, n'kuyamba kugwedezeka mumchenga. Chaka chonse ankadana ndi munthu wofooka amene analephera kulimbana ndi akuluakulu a kwawo. Tsopano pakaliyala panali munthu amene anamunamiza. Phazi linatsika kufuna pansi. Kunali kosavuta kuima, kumuuza atsike, kutembenuza njinga. Anamva mpweya wa Latif kumsana kwake, wodukaduka, ndi dzanja logwira chitsulo cha pansi pa chishalo osayerekeza kumukhudza. Anapondanso pedulo. Sanapalase chifukwa chakuti wakhululuka. Anapalasa chifukwa munthu wa pakaliyalayo ndiye ankadziwa malo.

Sanalowere chakubwemba. Latif anamutsogolera kuzungulira mpaka kumapeto ena a manda, kumene kuli migwalangwa itatu, akuyenda mosamala pakati pa milu, akunong'ona moni wa kwa akufa. Anaima. Mulu wake unali wosesedwa, wopanda udzu ngakhale umodzi, miyala yake iwiri yosalala, ya kunyanja. Oswald anayembekeza kuti mtima umuuza chinachake, monga ankaganizira kuti unamuuza pansi pa bwemba. Sunanene kanthu. Linali dothi, lofanana ndi linzake.

Latif anayang'ana thumba lija, nanena mofatsa kuti chimene chili m'menemo sichingaimikidwe pano, anthu sangamvetse. Oswald anati akudziwa. Akawoloka nacho mawa, akachiimike pambali pa bambo ndi mayi. Analiika pansi.

Ndi pamene anaona kamulu kena pambali, kafupi, kosapitirira mkono. Ankadziwa kuti mwana sanakhale moyo. Anamva tsiku lomwelo, m'minibasi, koma mawuwo anadutsa ngati mtengo wa m'mbali mwa msewu. Chaka chonse sanafunsepo kuti anali wamwamuna kapena wamkazi, sanamutchulepo m'pemphero ngakhale limodzi. Latif anati anali mwamuna. Anatsala ndi moyo mayi ake atapita, mpaka dzuwa litakwera pang'ono, ndipo anamutcha Yunus.

Kenako Oswald anafunsa kuti Ruti anamugoneka chotani. Latif analoza ndi dzanja lonse: mutu uku, anagonera kumanja, nkhope kuyang'ana kumpoto, ku Maka. Oswald anaona kuti waima kumsana kwa mlongo wake. Anazungulira chakumiyendo, akuponda mosamala, nafika mbali ya kumpoto, nagwada. Mchenga unamutentha kudzera m'buluku. Latif anasuntha mapazi angapo, natambasula manja ake mwa kwawo.

Mapemphero a akufa Oswald ankawadziwa pamtima. Anawanena onse, pang'onopang'ono, kutchula Ruti, natchulanso Yunus, dzina lachilendo pa lilime lake. Atamaliza anafuna kuuza achemwali ake za koleji ndi zina zonse zija, koma zinali zitatha. Anazisiya kwa Abiti Jaffalie. Anangokhala chogwada, nkhope yake kuyang'anizana ndi pamene panali nkhope ya Ruti.

"Mwanayu ankafanana ndi ndani?" anafunsa osatembenuka.

Latif anatsitsa manja. Anaganiza ngati munthu wofuna kuyankha zoona zokhazokha.

"Anali wamng'ono kwambiri," anatero. "Koma mphumi ndi wa kwanu."

Oswald anatambasula dzanja naliika pa kamulu kaja. Dothi linali lotentha ngati mutu wa mwana wodwala malungo. Sanalichotse.